Mafunso ndi mayankho pa list box ndi combo box za mafomu a Microsoft Access

Mafunso awa amabwerabwera kuchokera kwa anthu amene amapanga kapena kusamalira ma database ang'onoang'ono a m'maofesi, m'masitolo ndi m'masukulu. Tayambira pa osavuta. Mayina a ma property tawasiya m'Chingerezi chifukwa ndi mmene mukawapezere pa Property Sheet.

List box ndi combo box zimasiyana pati?

List box imakhala yotsegula nthawi zonse. Imaonetsa mizere ingapo pakamodzi ndipo munthu amangodina mzere umene akufuna, sangalembemo kanthu. Combo box imakhala yotseka ngati kabokosi ka mzere umodzi, ndipo mndandanda wake umatsika mukadina kamuvi ka kumapeto kapena mukakanikiza F4. Mu combo box munthu atha kulemba, ndipo property ya Auto Expand ikakhala pa Yes, akangolemba "Nkh" dzina la Nkhata Bay limadzimalizitsa lokha.

Ngati pa fomu malo ndi ochepa ndipo wolowetsa deta amadziwa kale chimene akufuna, ikani combo box. Ngati akufunika kuona zonse kaye asanasankhe, kapena kusankha zingapo pakamodzi, ikani list box. M'kati mwake ziwirizi zimagwira ntchito mofanana kwambiri, choncho mayankho ambiri ali m'munsiwa akukhudza zonse ziwiri.

Kodi zimene zimaoneka mu mndandanda zimachokera kuti?

Mndandanda susunga kanthu pawokha. Umangoonetsa zimene wapatsidwa ndi ma property awiri, Row Source Type ndi Row Source. Woyambayo amanena mtundu wa gwero, wachiwiriyo amanena gwero lenilenilo.

Mukasankha Table/Query, mizere imachokera mu tebulo kapena query, ndipo mutha kulemba SQL (chilankhulo chofunsira deta mu database) yonse mu Row Source momwemo. Mukasankha Value List, mumalemba nokha zinthuzo mozilekanitsa ndi semicolon, monga "Kumpoto";"Pakati";"Kummwera". Field List imaonetsa mayina a ma field a tebulo, ndipo anthu ambiri sadzaifuna n'komwe. Palinso njira yachinayi yakale, yolemba function ya VBA (chilankhulo cholembera code mu Access) imene Access imaifunsa mzere ndi mzere, koma masiku ano ndi ochepa amene amavutika nayo.

Value List ndi ya zinthu zimene sizisintha, ngati zigawo zitatu za Malawi kapena masiku a pa sabata. Chilichonse chimene chingadzawonjezeke chaka chamawa, kaya ndi mayina a katundu, a makalasi kapena a ogwira ntchito, chipangireni tebulo lake. Mukachilemba mu Value List, tsiku limene chidzasinthe mudzayamba kusakasaka fomu iliyonse imene munachilembamo.

Ndinasankha "Zomba" koma mu tebulo mwalowa nambala. Chalakwika n'chiyani?

Palibe chalakwika. Funso limeneli ndi limene limabwera kwambiri, ndipo amene walimvetsa savutikanso ndi ambiri mwa otsatirawa.

Chimene maso akuona pa mndandanda ndi chimene chikusungidwa ndi zinthu ziwiri zosiyana. Tinene kuti Row Source yanu ndi iyi:

`SELECT BomaID, DzinaLaBoma, ChigawoID FROM tblMaboma ORDER BY DzinaLaBoma;`

Query imeneyi ili ndi madanga (ma column) atatu. Property ya Bound Column ndiyo imanena danga limene lipite mu field yolembedwa pa Control Source. Ikakhala 1, chosungidwa ndi BomaID, ngakhale munthu anaona ndi kudina "Zomba". Umu ndi mmene ziyenera kukhalira. Nambalayo ikuloza mzere wa mu tblMaboma, kotero ngati dzina linalembedwa molakwika mumakonza pamalo amodzi basi, ndipo marekodi onse amatsatira. Mukanasunga dzinalo, bwenzi mu tebulo muli "Nkhotakota", "Nkhota Kota" ndi "Nkhota-kota", ndipo lipoti likuwawerenga ngati maboma atatu.

Vuto lenileni limabwera wina akasintha dongosolo la madanga mu query osakhudza Bound Column. Ndinaziona pa kasitolo kena kogulitsa zipangizo zomangira. Mnyamata wosamalira kompyuta anafuna kuti mtengo uzioneka pafupi, ndiye anakokera danga la mtengo kutsogolo mu query. Fomu sinadandaule, chifukwa mtengo ndi nambala ndipo ID ndi nambala, komanso matebulowo sanali omangidwa ndi referential integrity, lamulo lokana ID imene mulibe mu tebulo linalo. Kwa masiku angapo mu field ya katundu munkalowa mitengo. Anadzazindikira pa lipoti la kumapeto kwa sabata, pamene simenti ndi misomali zinangosowa. Anakhala pansi ndi malisiti a pamanja kukonza mzere umodziumodzi. Mukamawonjezera danga pa query ya mndandanda, liikeni kumapeto.

Bound Column ikaikidwa pa 0, Access imapereka nambala ya malo a mzerewo mu mndandanda, osati chochokera mu danga lililonse. Musasunge imeneyo mu tebulo, chifukwa imasintha mndandanda ukangosintha.

Ndingabise bwanji danga la ID kuti anthu aziona mayina okha?

Pali ma property awiri. Column Count iyenera kufanana ndi madanga amene mukufuna kugwiritsa ntchito, obisika omwe. Column Widths imanena kukula kwa danga lililonse, ndipo 0 amabisa. Pa query ya m'funso lapitalo mungaike Column Count pa 3 ndi Column Widths pa 0cm;4cm;0cm. Danga loyamba labisika koma likusungidwabe, lachiwiri likuoneka, lachitatu lilipo kuti code ilipeze.

Combo box ikatseka imaonetsa danga loyamba looneka lokha. Ngati mukufuna kuti dzina ndi nambala ya kalasi zizionekabe itatseka, zilumikizeni kukhala danga limodzi mu query. Ndipo ngati madanga akudukira m'mbali mndandanda ukatsika, kulitsani List Width.

Mukamasintha Column Widths kudzera mu VBA osalemba cm, manambalawo amawerengedwa m'ma twip. Ma twip 1440 ndi inchi imodzi, 567 ndi sentimita imodzi. Munthu akalemba 4 poganiza kuti ndi masentimita, danga limangoti zii.

Ndingatenge bwanji zimene zili mu danga lina, osati losungidwalo?

Gwiritsani ntchito Column. Koma samalani apa, chifukwa Access imawerenga pawiri. Bound Column imayambira pa 1, pamene Column ya mu code imayambira pa 0. Ndiye kuti danga lachiwiri, la dzina la boma, ndi `Me.cboBoma.Column(1)`, ndipo lachitatu ndi `Column(2)`. Nzeru yake siioneka, tinangozolowera.

Ikakupatsani Null pamene mukudziwa kuti mu danga muli kanthu, onani Column Count kaye. Kawirikawiri imakhala idakali pa 2 pamene query ili ndi madanga atatu.

Zina ziwiri zoti mudziwe. Column imabweza mawu ngakhale mu danga muli nambala, ndiye musanawonkhetse mtengo usandutseni ndi CCur kapena CLng. Ndipo Column Heads ikakhala pa Yes, mzere wa mitu umatenga malo 0, ListCount imauwerenga nawo, choncho mzere woyamba weniweni ndi 1.

Ndawonjezera dzina latsopano mu tebulo koma pa mndandanda silikuoneka. Bwanji?

Mndandanda umawerenga Row Source fomu ikamatseguka, kenako umakhala ndi zomwezo. Sudziwa kuti mu tebulo mwasintha kanthu mpaka muuuze. Pa kiyibodi kanikizani F9. Mu code lembani `Me.cboBoma.Requery` pamalo pamene kusinthako kwatha, mwachitsanzo fomu yowonjezera mayina ikangotsekedwa.

Musasokoneze ndi `Me.Requery` yopanda dzina la control. Imeneyo imawerenganso fomu yonse ndi kukubwezerani ku rekodi yoyamba.

Wolowetsa deta akufuna kulemba dzina limene mulibe mu combo box. Ndimulole bwanji?

Property ya Limit To List ikakhala pa No, combo box imalandira chilichonse. Koma ngati danga losungidwa ndi ID yobisika, Access imakana kuika No, ndipo ikunena zoona: dzina latsopanolo lilibe ID, ndiye isunga chiyani?

Njira yake ndi kusiya Limit To List pa Yes n'kulemba code mu event ya On Not In List. Access imakupatsani mawu amene munthu walemba mu NewData. Mufunseni ngati akufunadi kuwonjezera. Akavomera, lowetsani dzinalo mu tebulo kenako ikani `Response = acDataErrAdded`, ndipo Access imawerenganso mndandanda yokha n'kusankha dzinalo. Akakana, ikani `Response = acDataErrContinue` ndi `Undo` pa combo box. Kuyambira Access 2007 palinso List Items Edit Form, imene imatsegula fomu yowonjezera popanda code.

Maganizo anga ndi akuti musalole izi paliponse. Pa mayina a makasitomala n'zomveka. Pa maboma ayi, chifukwa maboma alipo 28 ndipo munthu akalemba limene mulibe ndiye kuti chala chaphonya. Kuli pamzere wautali wa anthu, kalaliki amangodina Yes pa funso lililonse, ndipo pakatha mwezi mumapeza "Lilongwe" ndi "Lilongew".

Ndipange bwanji kuti ndikasankha chigawo, mndandanda wachiwiri uzionetsa maboma a chigawo chimenecho okha?

Row Source ya mndandanda wachiwiri iyang'ane woyambawo:

`SELECT BomaID, DzinaLaBoma FROM tblMaboma WHERE ChigawoID = Forms!frmAnthu!cboChigawo ORDER BY DzinaLaBoma;`

Kenako mu After Update ya cboChigawo lembani mizere iwiri: `Me.cboBoma = Null` ndi `Me.cboBoma.Requery`. Wosankha Kumpoto aona maboma 6, wosankha Pakati aona 9, wosankha Kummwera aona 13. Mzere wa Null uja anthu amauiwala. Popanda iwo munthu atha kusankha Rumphi, kenako n'kusintha chigawo kukhala Kummwera, rekodi n'kusungidwa ikunena kuti Rumphi ali Kummwera.

Ikaninso Requery mu On Current ya fomu, koma popanda Null. After Update imagwira munthu akasintha chigawo ndi dzanja, osati akamangodutsa m'marekodi. Ngati pali mndandanda wachitatu, monga wa mafumu a T/A, chigawo chikasintha muufufutenso umenewo.

Pa continuous form mayina a maboma akusowa m'mizere ina. Kodi deta yafufutika?

Sinafufutike, tsegulani tebulo muone. Pa continuous form, fomu yoonetsa marekodi ambiri motsatizana, mumaona ma combo box ambiri, koma kwenikweni ndi imodzi yojambulidwa kambirimbiri, ndipo Row Source yake ndi imodzi. Mukaima pa mzere wa Kumpoto, mndandanda umatsala ndi maboma 6 aja. Mzere wa munthu wa ku Thyolo uli ndi ID yake bwinobwino, koma combo box ikafuna dzina loti ionetse siilipeza, ndiye imasiya poyera. Ndi nkhani yomwe ija ya chooneka ndi chosungidwa.

Anthu amathana nazo polumikiza tblMaboma mu query ya fomu kuti dzina la boma likhale field, kenako kuika text box yoonetsa dzinalo pamwamba pa combo box, kusiya kamuvi kokha koonekera. Text box ija ikalandira focus imapereka kwa combo box. N'zachinyengo ndithu koma zimagwira. Ngati simukufuna zimenezo, continuous form ikhale yoonera basi ndipo kukonza kuzichitikira pa fomu ya rekodi imodzi.

Ndaika Multi Select ndipo tsopano list box ikupereka Null. Zimene ndasankha zili kuti?

Multi Select ili ndi None, Simple ndi Extended. Simple imasankha kapena kuchotsa mzere uliwonse mukaudina. Extended imafuna Ctrl posankha motalikirana ndi Shift posankha mondondozana, ngati mu File Explorer. Mukangochoka pa None, Value ya list box imakhala Null nthawi zonse, chifukwa malo amodzi sangayankhe za mizere isanu. Pachifukwa chomwecho musaipatse Control Source, ndipo query yoloza list box yotereyi sipeza kanthu.

Zosankhidwazo zili mu ItemsSelected, ndipo mumazitola nokha:

```
For Each v In Me.lstMaboma.ItemsSelected
    s = s & "," & Me.lstMaboma.ItemData(v)
Next v
```

ItemData imapereka za mu Bound Column. Chotsani comma (,) woyambayo ndi `Mid(s, 2)`, muike zotsalazo mu IN ya SQL, ndipo muzipereke ngati WhereCondition ya DoCmd.OpenReport. Onani kaye ngati `ItemsSelected.Count` ili 0, apo ayi SQL ituluka yopunduka. Pofufuta zosankha, dutsani mizere yonse n'kuika `Selected(i) = False`.

Izi n'zabwino posefa lipoti. Ngati mukufuna kusunga zosankhazo, mwachitsanzo maphunziro amene wophunzira akutenga, pangani tebulo lachitatu lokhala ndi ID ya wophunzira ndi ID ya phunziro, mzere umodzi pa phunziro lililonse. Access 2007 inabwera ndi mtundu wa fayilo wa accdb pamodzi ndi ma field olandira zinthu zingapo, amene amaonetsa timabokosi tochonga. Amaoneka okoma tsiku loyamba. Koma tebulo lachitatu lija Access imalibisa, ma query ake ndi ovuta, ndipo posamukira ku SQL Server amakupingani. Ine sindiwagwiritsa ntchito.

Bokosi langa lofufuzira limagwira bwino, koma ndikalemba "ng'ombe" limatulutsa Syntax error. Chifukwa chiyani?

Chifukwa cha apostrophe. Mu SQL kachizindikiroko kamatsegula ndi kutseka mawu. Code yanu ikamanga Row Source motere, `"... WHERE Dzina LIKE '*" & Me.txtSaka.Text & "*'"`, ndiye ikafika pa ng' imaganiza kuti mawu atha, ndipo "ombe" yotsalayo imakhala chinthu chosamveka. Zitsanzo zambiri za pa intaneti siziganizira zimenezi, koma ife sitingazithawe. Ng'ombe, ng'oma, Mang'anja, M'mbelwa, zonsezi zikudikira fomu yanu. Ngati database ili ndi mayina a anthu kapena a midzi, vutoli lifika sabata yoyamba.

Mankhwala ake ndi kuwirikiza kachizindikiroko: `Replace(Me.txtSaka.Text, "'", "''")`. Lembani function imodzi yochita zimenezi ndipo mawu onse opita mu SQL azidutsira mmenemo. Poyesa fomu iliyonse yatsopano, mawu oyamba kulemba akhale "ng'ombe".

Taonaninso kuti talemba Text, osati Value. Mu event ya On Change, pamene munthu akulembabe, Value imakhala idakali ndi zakale.

Madeti nawo ali ndi msampha wawo, woopsa kuposa uwu chifukwa sufuula. Ife timalemba tsiku kenako mwezi, koma SQL ya Access imawerenga deti la pakati pa zizindikiro za # mwa ku America, mwezi kenako tsiku. 03/04/2024 kwa inu ndi 3 April, kwa iyo ndi 4 March. Ikapeza 13/04/2024 imadziwa kuti kulibe mwezi wa 13 ndiye imatembenuza mwakachetechete, kotero madeti ena amakhoza, ena ayi. Gwiritsani ntchito `Format(d, "yyyy\-mm\-dd")` pomanga SQL.

Ndingaike bwanji mzere wa "Onse" pamwamba pa mndandanda?

Ndi UNION, osalowetsa mzere wabodza mu tebulo:

`SELECT 0 AS BomaID, "(Onse)" AS DzinaLaBoma FROM tblMaboma UNION SELECT BomaID, DzinaLaBoma FROM tblMaboma ORDER BY DzinaLaBoma;`

Mabulaketiwo amathandiza kuti mzerewo ukhale pamwamba posanja. Query yosefa iziona 0 ngati kuti palibe kusefa. Chitani izi pa mndandanda wosefera wokha, osati wosunga deta.

Mndandanda ukuchedwa kutseguka, ndipo mayina a kumapeto sakuoneka. Kodi pali malire?

Alipo, pafupifupi mizere 65,536. Koma kuchedwa kumayamba kale musanafike kumeneko, makamaka matebulo akakhala pa kompyuta ina ya pa netiweki. Combo box iliyonse pa fomu ndi query yakeyake. Fomu ya ma combo box khumi imafunsa mafunso khumi isanakuonetseni kanthu.

Lekani kuloza tebulo lonse. Tchulani madanga amene mukufuna okha, ndipo ikani index pa field yosanjira ndi yosefera. Pa mndandanda wa mayina masauzande, Row Source iyambe yopanda kanthu, ndipo muidzaze munthu akalemba zilembo zitatu, monga mmene tafotokozera pa funso la ng'ombe. Palibe amene amatsetsereka ndi mausi m'mayina 40,000 kufuna Banda mmodzi. Dziwaninso kuti LIKE yoyamba ndi nyenyezi (*) siigwiritsa ntchito index. Ngati kufufuza koyambira pa chilembo choyamba kukukwanirani, nyenyezi ikhale kumapeto kokha.

Ndikufuna mizere ya ngongole izioneka yofiira ndipo ndalama ziime kumanja. List box ingathe?

Singathe. List box ilibe Conditional Formatting, ndipo simungauze danga limodzi kuti liime kumanja. Ena amadzaza mipata kutsogolo kwa manambala n'kuika font ngati Courier New kuti zilembo zikhale zofanana kukula. Zimaoneka ngati lisiti la pa tilu.

Mukayamba kufuna mitundu, kusanja podina mutu wa danga, kapena kukonza deta pamzere pomwepo, ndiye kuti mwaikulira list box. Ikani subform (fomu ya m'kati mwa fomu ina) ya datasheet kapena continuous form. Ili ndi zonsezo ndipo ndi ya Access yomweyo. Chimene mutaye ndi Multi Select, chimene mungachibweze ndi kabokosi kochonga kosungidwa mu tebulo la kanthawi.

Nanga ListView ndi TreeView zimene ndimaziona m'mapulogalamu ena?

Zimenezo si za Access. Ndi ma ActiveX control a mu fayilo ya MSCOMCTL.OCX, ya m'nthawi ya Visual Basic 6. ListView ili ndi tizithunzi, mitundu pa mzere uliwonse, timabokosi tochonga ndi mitu yodina. TreeView imaonetsa zinthu mwa nthambi, ngati chigawo, boma, T/A, mudzi. Koma zilibe Row Source. Mzere uliwonse mumaulowetsa nokha ndi code, ndipo deta ikasintha mumadzazanso nokha.

Vuto lalikulu ndi loti fayiloyo iyenera kupezeka ndi kulembetsedwa pa kompyuta iliyonse. Office ya 64-bit itayamba mu 2010, kwa zaka zingapo control imeneyi inalipo ya 32-bit yokha, ndipo mafomu ambiri anafera pamenepo. Kusintha kwina kwa Windows ndi Office kunkaiphwanyanso. Ngati ofesi yanu ili ndi makompyuta osiyanasiyana, ina yogula, ina yopatsidwa, ndipo wokonza amabwera kamodzi pa miyezi itatu, subform ikupulumutsani. TreeView ndi yokhayo imene ndimaimvera chisoni, chifukwa kutsanzira nthambi zake ndi ma list box atatu oyandikana sikufika pomwepo.

Ndimagwiritsa ntchito LibreOffice Base. Zonsezi zikugwiranso kumeneko?

Mfundo yake ndi yomweyo koma zida zasiyana. Mu Base, list box ndi imene imatsika, kuonetsa dzina ndi kusunga ID. Combo box ya Base imasunga mawu omwewo amene akuoneka, ndiye siingalowe m'malo mwa ya Access. Dongosolo la madanga ndi lotembenuka: danga loyamba la query ndi looneka, ndipo Bound field imawerengedwa kuyambira pa 0, kotero 1 ndi danga lachiwiri. Pa chitsanzo cha maboma mulembe DzinaLaBoma poyamba, BomaID pambuyo. List box ya Base imaonetsa danga limodzi lokha, choncho ngati mukufuna dzina ndi chigawo pamodzi, zilumikizeni mu SQL.